Mboni ya Maliro a Bambo a Tawonga

1

Uthenga unandipeza ndili m'chigafa, ndikusoka fodya. Munali mu Febuluwale, mvula ili pakati, ndipo masamba amene ndinathyola m'mawa anali ataunjikana mpaka m'mawondo. Amene munalimapo fodya mukudziwa kuti tsamba likachoka m'munda silidikira munthu. Ukalisiya pa mulu limatentha lokha, n'kuda, n'kuwola.

Ndinamva njinga yamoto ikuima kuseri kwa nyumba. Anali mwana wanga Tawonga, amene amaphunzitsa ku Kasungu boma. Linali tsiku la sukulu, ndiye ndinadziwiratu chimene chamubweretsa.

"Amayi, ababa atisiya."

Singano inali m'manja. Ndinabaya tsamba lina, n'kulikankhira pa chingwe.

"Mwamva, amayi?"

"Ndamva. Liti?"

"M'mawa uno, ku Lukwa. Thupi akupita nalo kwawo, kutsidya kwa dambo."

"Tandipatsa mkangala uwo ndipachike awa."

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Mkangalawo sanaukhudze.

"Amayi, ndi amuna anu."

"Amuna anga? Ukawafunse anthu a ku Lukwa kuti anali a ndani."

Komabe ndinadzuka. Ndinafunditsa mulu wa fodya ndi masaka, n'kupita kukachotsa utomoni m'manja. Sopo anatha, utomoni osatha.

Dzina langa ndi Feliya, kwathu ndi ku Kapelula. Ndikulemba izi chifukwa anthu akuzikamba kale ku chigayo, aliyense akuwonjezera mchere wake. Bola muzimve kwa mwiniwakene.

2

Ine ndi Yobu tinamanga ukwati woyera, m'tchalitchi, abusa atatigwiritsa manja. Patapita zaka anapeza ntchito ya ukapitawo pa esiteti ina ku Lukwa, yoyang'anira matenanti. Kumeneko kunali banja lina lochokera ku Mzimba, ndipo linali ndi mtsikana dzina lake Yewo.

Poyamba Yobu ankabwera Loweruka lililonse. Kenako mwezi ukatha. Kenako anatuma munthu kudzatenga jekete ndi wailesi. Tawonga anali asanafike pa msinkhu wosenza ndowa, mlongo wake Sunganani ali kumsana. Mpingo unamuitana Yobu pa nkhani ya Yewo, iye osabwera, ndiye unamudula. Yewo naye anadulidwa kwawo.

Ine ndinatsala ndi ana, khasu ndi Mulungu. Ndipo Mulunguyo ndinamugwirira ntchito, musandifunse. Kuzira tchalitchi, ine. Kutungira madzi nkhalamba, ine. Kusambitsa odwala amene abale awo ankachita nawo nseru, ine. Amuna anabwera kudzafunsira, wina anali ndi golosale, ndinawabweza onse chifukwa ndinalumbira paguwa. Amayi a chigwirizano anandisankha kukhala wapampando, ndipo pa maliro aliwonse a dera lathu woyambitsa nyimbo ndinali ine.

Lachinayi lililonse ndinkaima pamaso pa amayi anzanga n'kumaphunzitsa kuti munthu amapulumuka mwa chisomo, osati mwa ntchito zake. Pakamwa ndinkatero. Koma mumtima ndinkadziwa zanga. Ndinkati kumwamba kuli ngati ku okushoni: belo lililonse amalitsegula, amaliona giredi. Langa ndinalisankha tsamba ndi tsamba. La Yobu ndinkadziwa kuti likabwezedwa pa geti pomwe, ndipo kunena zoona, maganizo amenewo ndi amene ankandigoneka tulo zaka zonsezo.

3

Tinafika pa siwa dzuwa litapendeka. Panali zii.

Kwathu kuno maliro a Mkhristu umawamva ukadali kutali. Amayi a yunifolomu azungulira bokosi, nyimbo ina ikutha ina ikuyamba. Koma munthu akafa ali wodulidwa, timabwera kudzakhuza ngati anansi basi. Yunifolomu sitivala, nyimbo sitiyimba, abusa salalikira. Amapita kumanda mwakachetechete, kumangomveka makasu a adzukulu. Ana a munthu wotero manyazi ake amakalamba nawo.

Anandikhazika kumutu kwa bokosi, monga mkazi wa ukwati. Yewo anali pakona, pafupi ndi chitseko, atadzifunditsa chitenje chakutha. Anthu anamusiyira mpata waukulu mbali zonse ngati ali ndi mphere.

Kenako analowa a Duncan Mwale, mkulu wa mpingo wa dera lathu, munthu woyankhula pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Tawonga anawagwadira.

"A Mwale, ngakhale nyimbo imodzi yokha."

"Mwana wanga, lamuloli silinayambire pa bambo ako. Akanakhala kuti anabwerera kwa Mulungu, ngakhale ali pa mphasa yomaliza, tikanayimba mpaka mawu kusasa. Koma ife sitinamve kanthu."

"Analapa, adada."

Anali Yewo, kuchokera pakona paja. Mawu ake anali aang'ono koma aliyense anamva.

"Iwe ndiye utiphunzitse za kulapa?" anatero mlongo wake wa Yobu. "Unatidyera munthu ali wonenepa, watibwezera mafupa."

A Mwale anakweza dzanja. "Mayi, sindikunena kuti mukunama. Koma inu ndi malemuwa munali mu mlandu umodzi. Umboni wanu mpingo sungaulandire. Panalibe wina, Mkhristu wodya Mgonero, amene anamva ndi makutu ake?"

"Analipo."

"Ndani?"

Yewo anayang'ana pansi. "Mwiniwake akudzidziwa. Si ine woti ndimutchule."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ena ankati akupeka, ena ankatchula maina a anthu a ku Lukwa. A Mwale anati maliro ndi mawa masana, ndipo abusa awayimbira foni: mboniyo ikaonekera tisanakhome bokosi, abwera kudzachititsa mwambo wonse. Ikapanda kuoneka, basi.

Ine ndinangomanga bwino duku langa.

4

M'mawa mwake ine ndi Tawonga tinapita ku mjigo kukatunga madzi a pamaliro. Iye ankapopa ngati akufuna kuuzula.

"Mboni yobisalayo ndi mfiti," anatero. "Kukhalira mawu a munthu wakufa? Akupindula chiyani?"

"Popa bwino, uthyola mjigo wa eni ake."

"Inuyo simukumva kuwawa, eti?"

Ndinatsitsa ndowa. "Tamvera, Tawonga. Tinene kuti analapadi. Ndiye basi? Munthu wasiya ana akudya gaga, wakadya unyamata wake wonse ndi mkazi wina, thupi litatha ndiye anene mawu awiri pa mphasa, walowa? Ine ndi iye mzere umodzi?"

"Si inu mumaphunzitsa kuti chipulumutso n'chaulere?"

"Ndimaphunzitsa."

"Nanga?"

"Chaulere chimakoma chikamabwera kwa iwe. Chikamapita kwa amene anakupondaponda, chimawawa. Ukadzakula udzamva."

"Ndakula kale, amayi. Inenso anandisiya. Tsiku la ukwati wanga pampando wa bambo panakhala amalume. Koma sindikufuna akaikidwe ngati galu wofera pamsewu."

Anasenza ndowa yake osadikira kuti ndimuthandize, madzi akutayikira kumsana, n'kumapita.

Nditatembenuka ndinaona Yewo ataima poteropo ndi chigubu. Anali atadikira kuti mwanayo achoke. Nkhope yake inali itatha. Mtsikana amene ndinkamuda uja anali atasanduka mayi wa imvi, wa zikang'a kumapazi ngati ine ndemwe.

"Amama, ndikusenzeni."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu.

"Bwanji sunanditchule dzulo?"

Anagwira ndowa yanga mbali ina. "Ndinakulandani mwamuna, amama. Ndikulandeninso dzina?"

5

Inde, mboniyo ndinali ine.

Sabata yapitayo Yewo anabwera kwathu wapansi, matope mpaka m'mawondo. Anagwada kunja kwa chigafa, mvula ikumuwaza, n'kunena kuti bambo a Tawonga ali pafupi kutsirizika ndipo akundiitana. Ndinawauza anansi kuti ndikukagula chingwe chosokera fodya. Ndinapita. Musandiyamikire. Ndinkafuna kukaona ndi maso anga mmene Mulungu amabwezera.

Ndinamupeza m'kanyumba kofolera ndi pulasitiki, atagona pa mphasa. Chifuwa chinali chitamudya. Mwamuna amene ankanyamula belo la fodya yekha uja, dzanja lake linali ngati mkangala.

"Feliya," anatero. "Wabwera."

"Ndabwera. Yankhulani, ndasiya fodya pa mulu."

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. Yewo anamutsamiritsa pa mwendo wake, n'kumupukuta pakamwa.

"Ndinakulakwira, iwe ndi ana. Ndinalakwira Mulungu. Ndilibe choti ndimupatse, Feliya. Manja anga ndi awa, mulibe kanthu. Ndangomuuza kuti ngati amalandira anthu opanda kanthu, ine ndili pano."

Anakoka mpweya, n'kupitiriza.

"Kandiitanire a Mwale ndi abusa. Yewo akapita sakamumvera, akafunsa kuti mkazi wa ukwati akuti chiyani. Iwe ukanena, abwera. Ndikufuna ndife ndili m'nyumba, osati kunja."

Nkhope yake inali ndi mtendere, ndipo ndi umene unandipsetsa mtima. Ndinkayembekeza kupeza munthu akunjenjemera ndi mantha a moto. Ndinapeza munthu wopepukidwa ngati watula katundu. Ine amene ndinasenza katundu wake zaka zonsezo, mtendere wotero ndinali ndisanaulawepo.

"Ndamva," ndinatero. "Ndipita mawa."

Mawa lake ndinathyola fodya. Linalo ndinasoka. Lamulungu ndinakhala benchi yoyang'anana ndi a Mwale, tinapatsana moni pakhomo la tchalitchi, anandifunsa za mvula, ndinawayankha za mvula. Ndinkadziuza kuti fodya akachepa ndipita. Bodza. Nyumba ya a Mwale ndimaidutsa popita kumunda. Chimene ndinkafuna n'choti Yobu adikireko, amve mmene kumawawira kuyang'ana kunjira munthu osabwera. Sindinkafuna kuti afe akudikira. Kapena ndinkafuna. Mpaka lero sindidziwa.

Pa mjigo paja ndinamufunsa Yewo funso limodzi lokha.

"Ankanditchula?"

"Njinga iliyonse ikadutsa ankati, ndi abusa amenewo? Ine ndinkati mvula yawatsekereza. Tsiku lomaliza anati, usamudandaule Feliya, anandidikira nthawi yaitali kuposa iyi."

Anandisenza ndowa. Sanandipemphe kuti ndikanene. Akanandipempha bwenzi nditamukalipira, n'kupeza chifukwa chokhalira chete.

6

Masana anayandikira. Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Mmisiri anali ataima pakhomo ndi hamala ndi misomali. A Mwale analowa m'nyumba ya siwa, chipewa chili m'manja.

"Abale, tadikira. Ngati palibe wonena kanthu, titseke."

Ndinayang'ana Tawonga. Sankaliranso, ankangoyang'ana bokosi. Ndinaganiza za yunifolomu yanga yoyera, yosita bwino, ili m'sutikesi kunyumba. Ndinaganiza za amayi onse amene ndinawadzudzulapo chifukwa cha mowa, miseche ndi mitala. Onse anali m'nyumbamo.

Ndinadzuka.

"A Mwale, musakhome. Mboni ija ndi ine."

Ndinafotokoza zonse, mwachidule, ngati ndikupereka lipoti la msonkhano. Kuti ndinapita ku Lukwa. Kuti analapa ndili pomwepo, ali ndi nzeru zake zonse. Kuti anandituma, ine n'kukhalira uthengawo dala.

Mlongo wake wa Yobu anaomba m'manja kamodzi. "Oyera aja ndi amenewa? Ife tinkalimbana ndi hule, osadziwa kuti njoka yavala duku."

Ananena zoona, kungoti anazinena moipa.

Tawonga anandiyang'ana nthawi yaitali. "M'mawa ku mjigo kuja, ndikutukwana mfiti, inu muli chete?"

"Ndinali chete."

Anatuluka panja.

A Mwale anakanda mutu. "Mayi NaPhiri, nkhani yanuyi ikalowa ku bwalo la akulu ampingo, mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndakhala ndikutumizako anzanga."

"Koma umboni wanu walandiridwa." Anatulutsa foni n'kupita kuseri kwa nyumba.

Amayi anathamangira m'makwawo kukavala yunifolomu. Ine sindinatume munthu kukatenga yanga. Abusa anafika pa njinga yamoto, thalauzi ili matope okhaokha. Amayi anazungulira bokosi, oyera mbee, ine ndili kumbuyo kwawo ndi chitenje changa cha kumunda. Ndiye panakhala chete wina wachilendo. Aliyense ankadikira woyambitsa nyimbo, ndipo zaka zonsezi woyambitsa anali mmodzi.

"Mayi NaPhiri, yambitsani," anatero a Mwale.

"Ine? Mwamva zimene ndachita."

"Tamva. Za bwalo ndi za bwalo. Panopa munthu akudikira nyimbo yake, ndipo wadikira kale mokwanira. Yambitsani."

Ndinayambitsa. Mawu anatuluka okhakhala ngati chitseko cha nkhokwe, koma amayi anawalandira. Tinamuperekeza Yobu ndi nyimbo mpaka kumanda. Yewo ankayenda kumbuyo kwenikweni, yekha, milomo ikuyenda koma mawu osamveka.

Abusa sanalalikire nthawi yaitali chifukwa mvula inali itayamba kuwaza. Ndinagwirapo mawu ochepa. Anati pa manda pano palibe amene wabwera ndi malipiro m'thumba, wogonayu ngakhale oimirirafe. Ndawanenapo mawu otero kambirimbiri pa Lachinayi. Tsiku limenelo ndi pamene ndinawamva ali kundinena ine.

7

Bwalo linakhala. Anandiimitsa pa Mgonero kwa kanthawi, ndipo mpando wa chigwirizano ndinautula ndekha asanandiuze. Sunganani anayimba foni kuchokera ku Joni, anangoti, "Amayi, zoona?" Nditavomera anadula. Yewo anabwerera kwawo ku Mzimba. Ndinamupatsa nkhuku ya pa ulendo. Si chikondi ayi, musandikometse. Ndinangoona kuti n'zosayenera kuti apite chimanjamanja.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga a m'mipingo amene mumafika oyamba n'kuchoka omaliza, sindikukuuzani kuti musiye ntchito zabwino. Odwala akufunikabe wowasambitsa, ndipo Loweruka likubwerali ndikazira tchalitchi monga kale, chifukwa ndikapanda kutero pansi pafumbuka. Koma dzifunseni kuti mukugwirira ndani. Alimi ena amaika masamba okongola pamwamba pa belo, owola n'kuwabisa pakati. Ine ndinkawanyoza anthu otero. Langa atalitsegula pakati anapezamo mkwiyo wa zaka zambiri, utaumbika bwinobwino, ndipo ndinkautcha kupirira.

Kodi ndamukhululukira Yobu? Masiku ena inde. Masiku ena ndikaganiza kuti ali pa mpumulo pamene ine msana ukundiwawa, ndimafuna kumufunsa Mulungu kuti chilungamo chake n'chotani. Koma ndikangoyamba, ndimakumbukira kuti amene anandiphimba pa siwa paja ndi mkazi amene ndinamutemberera theka la moyo wanga, ndipo sindinachite kanthu kalikonse koti andichitire zimenezo. Ngati chilungamo chimene ndinkachifuna chija chikanabwera, chikanayambira pa khomo langa. Ndiye ndimangotseka pakamwa.

Tsiku lotsatira maliro ndinabwerera m'chigafa. Nditachotsa masaka, mulu uja unali ukutentha ngati munthu wa malungo. Masamba a pakati anali atada, akununkha. Ndinakhala pansi n'kuyamba kupatula, owola uku, otsala uko.

Tawonga anatuluka m'nyumba atavala za ulendo, chikwama paphewa. Kuyambira pa maliro paja anali asanandiyankhule. Anaima pakhomo la chigafa, akundiyang'ana ndikulowetsa chingwe pa singano.

"Awonongeka ambiri?"

"Ambiri. Koma ena alipo."

Njinga yamoto inali ikumudikira kumsewu, ikuliza hutala. Iye anatsitsa chikwama, anatola mkangala pansi, n'kundipatsa osandiyang'ana kumaso.

"Sindinakukhululukireni," anatero.

"Sindinakufunse. Tasendeza muluwo kuno."

Anausendeza. Mitambo inali itayambanso kuda cha kum'mawa, ndipo kumunda masamba ena anali atapsa kale, akudikira wothyola. Ndinabaya tsamba loyamba.